THABA BOSIU: MUDZI WA PA PHIRI UMENE ADANI ANALEPHERA KUULANDA

Wolemba: Mtolankhani Wathu

Pa mtunda wa makilomita 24 kum'mawa kwa mzinda wa Maseru, likulu la dziko la Lesotho, pali phiri losalala pamwamba ngati thebulo lochedwa Thaba Bosiu. Pamwamba pa phiri limeneli panali mudzi waukulu wa Mfumu Moshoeshoe Woyamba, amene anakhalapo zaka 46, kuyambira mu 1824 kufikira imfa yao mu 1870. M'zaka zimenezo magulu a nkhondo a mitundu yosiyana-siyana, akuda ndi oyera omwe, anafika m'tsinde mwa phirilo ndi mikondo, mfuti ndi mizinga, koma panalibe gulu ndi limodzi lomwe limene linakhoza kulanda mudziwo.

Lero mudziwo ndi bwinja. Pamene panali nyumba ndi makola patsala zipupa za miyala, udzu ndi manda a mafumu. Komabe Basotho, eni ake a dzikolo, amanena kuti mtundu wao unabadwira pamenepo, ndipo mu 2024 anacita cikondwerero ca zaka 200 cikwerere makolo ao pa phirilo. Ndinapita kukaona malowa ndiri ndi funso limodzi mumtima: kodi anthu ocepa cotere, ozingidwa ndi adani amphamvu mbali zonse, anasunga bwanji dziko lao pamene mitundu yambiri yowaposa inamezedwa?

ULENDO WA KU MASERU

Munthu wocokera ku Lusaka amakwera ndeke ziwiri. Yoyamba imamtula ku Johannesburg, ndipo yaciwiri, yocepa, imauluka pafupifupi ola limodzi kukatera pa bwalo la ndeke lochedwa ndi dzina la Moshoeshoe yemweyo, kunja pang'ono kwa Maseru. Ine ndinafika m'mwezi wa Epulo, cimanga ndi mapira ziri pafupi kukololedwa, ndipo mphepo ya m'mawa inali itayamba kale kuluma m'makutu.

Dziko lonse la Lesotho liri pamtunda. Ngakhale malo ake otsika koposa ali pa mamita 1,400 kucokera pa nyanja yaikulu, ndiko kunena kuti ngokwera kuposa mzinda wathu wa Lusaka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mapiri a Maloti amayera mbuu ndi cipale cofewa. Ndiye cifukwa cake bulangeti kumeneko ndi cobvala ca ulemu: amuna ndi akazi amalifunda usana, nalimanga ndi phini wamkulu, ndipo kumidzi mumakumana ndi abambo okwera akavalo atafunda mabulangeti a mawanga okongola.

Lesotho ndi dziko laling'ono. Likhoza kulowa m'dziko la Zambia pafupifupi nthawi 25, ndipo anthu ake angopitirira pang'ono mamiliyoni awiri. Ife tiri ndi maiko asanu ndi atatu otizungulira, koma Lesotho ali ndi mnansi mmodzi yekha, South Africa, amene wamzinga ngati madzi ozinga cisumbu. Mzinda wa Maseru uli m'mbali mwenimweni mwa mtsinje wa malire, umene Basotho amaucha Mohokare ndipo Azungu amati Caledon. Kutsidya kwa mtsinjewo kuli mafamu akulu-akulu a Free State ochingidwa ndi waya. Tsidya lino kuli timinda ting'ono-ting'ono todulidwa ndi makwawa akuya amene madzi a mvula akumba. Mlendo amaona kusiyana kumeneku tsiku loyamba lomwe, ndipo ciyambi cake ciri m'mbiri ya phiri limene ndinali kupitako.

PHIRI LA USIKU

Galimoto ikacoka ku Maseru imalowa m'cigwa ca mtsinje wa Phuthiatsana, ndipo posakhalitsa Thaba Bosiu amaonekera. Poyamba phirilo silicititsa mantha. Latalika mamita opitirira pang'ono 100 kucokera m'cigwa, ndipo munthu wa ku Katete wozolowera phiri la Mphangwe akhoza kuliderera. Ukayandikira ndi pamene umaona cimene eni ake anaona. Pamwamba pake pazunguliridwa ndi thanthwe loima cowongoka ngati cipupa, ndipo mipata yokwerera iripo isanu ndi umodzi yokha, yonse yopanikiza. Pamwambapo pali cidikha cacikulu ca udzu ca pafupifupi masikweya kilomita awiri, ndi akasupe asanu ndi atatu.

Kuti timvetse cimene cinakweza anthu pa phiri lotere, tiyenera kubwerera ku zaka za m'ma 1820. Nthawi imeneyo maiko a kumwera anasokonezeka ndi nkhondo zimene Basotho amazicha Lifaqane, ndipo Azulu amati Mfecane. Mitundu yothawa ku dera la Natal, kumene ufumu wa Shaka unali kukula, inaoloka mapiri a Drakensberg nigwera mitundu ina, kulanda ng'ombe ndi kupasula nkhokwe. Olandidwawo naonso ananyamuka kukalanda anzao a kutsogolo. Minda inaleka kulimidwa ndipo njala inakula. Ndi cipwirikiti comweci cimene cinanyamula Zwangendaba ndi Angoni ake, amene anaoloka Zambezi mu 1835 tsiku la kadamsana, ndipo zidzukulu zao ziri nafe ku Chipata lero.

Moshoeshoe anali mwana wa mfumu yaing'ono ya pfuko la Bakoena, ndiko kuti a Ng'ona. Dzina lao la ubwana linali Lepoqo. Dzina lakuti Moshoeshoe, limene limachulidwa kuti Moshweshwe, analipeza ali mnyamata, atalanda ng'ombe za mfumu ina yochedwa Ramonaheng. Anadzitama kuti aimeta ndebvu mfumuyo, ndipo dzinalo limatsanzira kulira kwa lumo pometa. Mudzi wao woyamba unali pa phiri la Butha-Buthe ca kumpoto, koma mu 1824 Batlokoa a Sekonyela anauzinga kwa nthawi yaitali kufikira cakudya cinatha. Pamenepo Moshoeshoe anatulutsa anthu ao pakati pa nyengo yacisanu, ulendo wa kumwera, akazi, ana, okalamba ndi ziweto zomwe. Ofooka anatsalira m'mbuyo. Mmodzi wa iwo anali gogo wao wa mfumu, nkhalamba Peete, amene anagwidwa ndi kudyedwa ndi gulu la anthu amene njala inawasandutsa odya anzao.

Otsalawo anafika pa phiri latsopano kutada, ndipo analicha Thaba Bosiu, kutanthauza Phiri la Usiku. Pambuyo pake mbiri inawanda yakuti phirilo limaoneka lalifupi usana koma usiku limakula kufika kumitambo. Eni ake sanaitsutse mbiriyo, pakuti inali kuwalondera iwo ali m'tulo.

KUKWERA PA MPATA WA KHUBELU

M'tsinde mwa phiri muli chalichi cakale ca mpingo wa Lesotho Evangelical, ndi mudzi wa cionetsero kumene amangako nyumba za cikale ndi malo ogona alendo. Kumeneko ndinapeza mkulu wina amene nchito yake ndi kuperekeza alendo. Ndinamlonjera kuti Ntate, ndiwo mau a ulemu ofanana ndi Bambo kwathu, ndipo tinayamba kukwera pa mpata waukulu wochedwa Khubelu, kutanthauza Wofiira.

Njirayo njamiyala ndi yotsetsereka, ndipo mpweya wa kumtunda umacepa msanga m'cifuwa ca mlendo. Tinapuma kawiri. Pafupi ndi pamwamba njira imalowa pakati pa matanthwe awiri, pamene anthu sangayende ambiri mogundana mapewa. Mkuluyo anaima pamenepo nandiuza kuti ndiyang'ane kumwamba. Munthu woima pamwamba pa thanthwe akhoza kugubuduza mwala umodzi, ndipo mwalawo ungasese onse ali m'njiramo. Gulu la nkhondo la anthu zikwi zambiri likafika pa malo amenewa, ocita nkhondo enieni amakhala atatu kapena anai a kutsogolo. Ena onse amangodikira m'mbuyo kuti miyala iwapeze.

Pothera pa mpata pali mulu waukulu wa miyala. Mwambo wake ngwakuti mlendo aliyense wofika kwa mfumu aikepo mwala umodzi, kusonyeza ulemu ndi kuti wabwera ndi mtendere. Mkulu uja anandipatsa nthawi kuti nditole wanga ndi kuuika, ndipo titatero tinalowa m'mudzi.

MUDZI WA PAMWAMBA

Pamwamba pali mphepo ndi bata. Udzu wafalikira kutali kotero kuti munthu amaiwala kuti ali pa phiri. Apa ndi apo pali maziko ozungulira a nyumba ndi makola. Pakati pa mabwinjawo pali zipupa za nyumba ya ngodya zinai ya mfumu, imene inamangidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1830 ndi Mzungu wina, David Webber, wothawa usilikali wa Angerezi amene anapeza pobisala kwa Moshoeshoe. Ca patsogolo pali akasupe. Ameneyo ndiwo anali moyo wa mudziwo, pakuti linga lopanda madzi limasanduka msampha wa eni ake pa masiku atatu.

Malo amene anandigwira mtima koposa ndi bwalo la milandu, limene m'Sesotho amati khotla. Ndi poyera cabe pokhala ndi miyala, koma apa ndi pamene mtundu unamangidwa. Anthu amene anathawira ku Thaba Bosiu sanali a pfuko limodzi. Panali Bakoena, Bafokeng, Bataung, Baphuthi, ngakhalenso othawa nkhondo a cinenero ca Cizulu. Ambiri anafika manja lende, opanda ng'ombe kapena mbeu. Moshoeshoe anawasiyira mafumu ao ndi miyambo yao, ndipo anawapatsa ng'ombe mwa dongosolo lochedwa mafisa. Ng'ombe zimakhalabe za mfumu, koma woziweta amamwa mkaka nadyetsa ana ake. Munthu amene dzulo anali wopempha-pempha amasanduka mwini khola, ndipo adani akabwera amamenya nkhondo molimba, podziwa kuti mfumu ikagwa, mkaka wa ana ake wapita.

Nkhani zazikulu za dziko zinali kukambidwa pa msonkhano wa amuna onse wochedwa pitso, pamene munthu wamba anali ndi ufulu wotsutsa mfumu pamaso pake. Basotho ali ndi mwambi wakuti mfumu ndi mfumu cifukwa ca anthu. Amanena kuti Moshoeshoe anaphunzira zimenezi ali mnyamata kwa nkhalamba yanzeru, sing'anga Mohlomi, amene anawalangiza kulamula mwacifundo ndi kusapha munthu cifukwa comnenera ufiti. Malangizowo anadzalowa m'malamulo olembedwa. Mu 1854 mfumu inaletsa malonda a mowa waukali wa Azungu. Mu 1855 inaletsa kupha anthu oganiziridwa ufiti. Mu 1859 inalamula kuti wamalonda wacilendo akhoza kumanga sitolo, koma nthaka imene wamangapo siyake ndipo sangaigulitse.

Kulemba kunafika ndi amishoni a Paris Evangelical Missionary Society, Eugène Casalis, Thomas Arbousset ndi Constant Gosselin, amene mfumu inawalandira mu 1833 niwapatsa malo ku Morija. Casalis anadzakhala m'tsinde mwa Thaba Bosiu, nakhala mlangizi ndi wolemba makalata a mfumu opita kwa akazembe a Angerezi. Ku Morija komweko, mu 1863, kunayamba kusindikizidwa nyuzipepala ya Sesotho yochedwa Leselinyana la Lesotho, imodzi mwa nyuzi zakale koposa za m'zinenero za anthu akuda kuno kumwera kwa Africa.

NG'OMBE KWA ADANI

Phiri linayesedwa msanga. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1820 Amangwane a Matiwane anabwera nabwezedwa. Mu 1831 kunafika gulu loopsa koposa, Amandebele a Mzilikazi. Iwo anayesa kukwera, koma miyala ndi nthungo zinawavumba ngati matalala, kufikira anatembenuka ali ndi njala ndi manyazi. Mbiri ya Basotho imati pamene anali kucoka, mthenga wa Moshoeshoe anawalondola akukusa ng'ombe zonenepa, ndi uthenga wakuti mfumu ikudziwa kuti ndi njala imene yawabweretsa, cotero adye pa njira. Amandebele sanabwerenso ku Thaba Bosiu. Akulu athu anati kupatsa nkuika, ndipo ng'ombe zimenezo zinagula zaka zambiri za mtendere kumbali imeneyo.

Cobvuta koposa cinali nkhani ya aja anadya Peete. Mtsogoleri wao Rakotsoane ndi anthu ake atalowa pansi pa ulamuliro wa mfumu, ambiri anafuna kuti aphedwe. Moshoeshoe anakana. Anati anthuwo ndiwo manda a gogo wao, ndipo palibe munthu amene amaononga manda a kholo lake. Analamula kuti mwambo woyeretsa manda ucitidwe pa matupi ao, kenaka anawapatsa ng'ombe ndi malo olima kuti asiye khalidwe lija. Mkulu wondiperekeza anafotokoza nkhaniyi modekha, ngati munthu amene waikamba nthawi zambiri koma imamdabwitsabe.

Nzeru yomweyo inaonekanso pamene kunafika mdani wa mtundu wina. Mu Disembala 1852 Bwanamkubwa wa Angerezi wa ku Cape, Sir George Cathcart, anabwera ndi asilikali oposa 2,000, nalamula kuti Basotho alipire ng'ombe 10,000 ndi akavalo 1,000 pa masiku atatu, cifukwa ca milandu ya kuba ziweto m'malire. Mfumu inapereka ng'ombe 3,500, koma Cathcart sanakhute. Pa 20 Disembala nkhondo inamenyedwa pa phiri la Berea, kufupi ndi Thaba Bosiu. Basotho, okwera akavalo ndi onyamula mfuti, anapanikiza Angerezi kowopsa, napha asilikali 38.

Anyamata a mfumu anafuna kupitiriza m'mawa mwake. Moshoeshoe anadziwa kuti kumbuyo kwa Cathcart kunali ufumu wokhala ndi zombo ndi asilikali osatha, ndi kuti kucititsa manyazi munthu wotere ndiko kuitana gulu lina lalikulu. Pakati pa usiku womwewo analembetsa kalata yaifupi. M'kalatamo anabvomereza kuti Bwanamkubwa wamenya nkhondo ndipo watenga ng'ombe zambiri, napempha kuti zimenezo zikwanire ngati malipiro, ndi kuti pakhale mtendere. Cathcart, amene anali kufuna njira yotulukira popanda kunyozeka, anailandira kalatayo ndi manja awiri nabwerera kwao.

MTENDERE WA MAPIRA

Panali mdani mmodzi amene ng'ombe kapena kalata sizikanamkhutitsa, pakuti iye anali kufuna nthaka. Mabunu anayamba kufika m'zigwa za Mohokare m'zaka za m'ma 1830, napempha msipu ngati apaulendo. Mfumu inawalola monga mwa mwambo, kuti adyetse ziweto. Iwo anayesa kuti malowo asanduka ao. Mu 1854 Angerezi anacoka m'deralo, ndipo Mabunu anakhazikitsa dziko lao la Orange Free State popanda malire omveka pakati pa iwo ndi Basotho. Nkhondo yoyamba inabuka mu 1858. Mabunu anafika pafupi ndi Thaba Bosiu, koma atamva kuti anyamata a mfumu alowa kumbuyo kwao ndipo akutentha mafamu, anamwazikana kuthamangira kwao.

Mu 1865 anabweranso ali okonzeka bwino, ndi mizinga. Pa 15 Ogasiti kazembe wao wolimba mtima, Louw Wepener, anatsogolera gulu lokwera pa mpata wa Khubelu, ndipo anaomberedwa atatsala pang'ono kufika pamwamba, pa malo opanikiza omwe aja ndinaimapo. Anthu ake anathawa cotsetsereka. Phiri linapambananso.

Koma Mabunu anaphunzirapo kanthu. Anasiya kukwera phiri nayamba kutentha midzi, minda ndi nkhokwe za m'zigwa. Basotho anakweza ng'ombe zambiri-mbiri pamwamba kuti zisalandidwe, ndipo msipu utatha ng'ombezo zinafa ndi njala pamaso pa eni ake. Apa ndi pamene malire a mphamvu ya phiri anaonekera. Thanthwe likhoza kuchinga mfuti, koma mtundu wonse sungadye za m'cidikha ca masikweya kilomita awiri. Cakudya cinali m'zigwa, ndipo m'zigwamo munali mdani.

Mu Epulo 1866 mfumu, imene tsopano inali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, inasaina pangano lopereka gawo lalikulu la minda yaconde. Basotho amalicha panganolo Mtendere wa Mapira, cifukwa colinga cao cinali kupeza mpata wokolola. Atakolola sanacoke m'mindamo, ndipo mu 1867 nkhondo inayambanso. Malinga ena a m'mapiri anagwa limodzi-limodzi. Moshoeshoe anali atapempha kale kangapo citetezo ca Mfumukazi Victoria, ndipo tsopano analimbikira kopambana. Pa 12 Malichi 1868 Bwanamkubwa Sir Philip Wodehouse analengeza kuti Basotho ali pansi pa citetezo ca Britain, ndipo nkhondo inaima.

Mtengo wake unali wowawa. Pangano la ku Aliwal North la mu 1869, limene Angerezi ndi Mabunu anapangana popanda eni nthaka, linaika malire pa mtsinje wa Mohokare, ndipo minda ya kutsidya inapita. Ndiwo mafamu aja mlendo amaona ali ku Maseru. Anthu ndi ziweto anapanikizana pa nthaka yocepa yotsala, nthakayo inatopa niyamba kukokoloka, ndipo amuna zikwi zambiri anayamba ulendo wa ku migodi ya South Africa, monga mmene makolo athu anali kupitira ku Halale ndi ku Joni. Ngakhale citetezo ceniceni cinafunika kucilondera. Mu 1871 Britain anapereka dzikolo kwa boma la Cape, limene linayesa kulanda Basotho mfuti zao. Iwo anakana namenya nkhondo mu 1880 ndi 1881, ndipo mu 1884 dzikolo linabwerera m'manja mwa boma la ku London. Cifukwa ca ici silinalowetsedwe mu Union of South Africa mu 1910, malamulo a tsankho sanalilamule, ndipo pa 4 Okutobala 1966 linalandira ufulu wodzilamulira, patapita zaka ziwiri ife titalandira wathu.

MANDA A MAFUMU

Moshoeshoe anamwalira pa 11 Malichi 1870, tsiku la ubatizo wao litakonzedwa kale koma lisanafike. Anaikidwa pamwamba pomwepo. Manda ao ndi mulu wa miyala wosadzikuza, pakati pa manda a ana ndi zidzukulu zao. Mafumu akulu a Lesotho akhala akuikidwa pa malo omwewa, kuphatikizapo Mfumu Moshoeshoe Waciwiri, amene anafa pa ngozi ya galimoto mu 1996, atate ao a Mfumu Letsie Wacitatu. Tsiku la 11 Malichi ndi la chuthi m'dziko lonse caka ciriconse.

Mfumu yaikulu itamwalira, mudzi wa pamwamba unayamba kuzirala. Wolowa ufumu, Letsie, analamulira ali ku Matsieng, ndipo boma la atsamunda linali ku Maseru. Mwana wina wa mfumu, Masopha, anasunga phirilo kufikira mu 1898, pamene anagonjetsedwa ndi Mfumu Lerotholi pa mkangano wa paciweniweni. Phiri limene linabweza Amandebele ndi Mabunu linatha nchito yake ya nkhondo pa ndeu ya ana a nyumba imodzi.

Munthu akaima m'mphepete mwa thanthwe amaona kaphiri kosongoka kochedwa Qiloane, kokhala ndi kamutu pamwamba. Amati ndiko kanapereka maonekedwe a cipewa ca udzu ca Basotho cochedwa mokorotlo, cimene ciri pakati pa mbendera ya dzikolo. Pa cizindikiro ca boma pali ng'ona ya Bakoena, akavalo awiri ndi mau atatu akuti Khotso, Pula, Nala, ndiko kuti mtendere, mvula ndi zokolola zocuruka.

UBALE WATHU NDI PHIRILI

Mzambiya amene amamva Cilozi sakhala mlendo kwenikweni ku Lesotho. Usiku umene Basotho amati bosiu, Alozi amati busihu. Mfumu kumeneko ndi morena, ku Mongu ndi mulena. Bwalo la khotla ndilo kuta, mtendere wa khotso ndiwo kozo, ndipo kubwereketsa ng'ombe kwa mafisa Alozi amakudziwa ndi dzina lomwelo. Cifukwa cake ncakuti Lifaqane lomwe lija linanyamulanso Sebetwane, mfumu ya Bafokeng, amene anasankha kuthawira kumpoto pamene Moshoeshoe anasankha kukwera phiri. Anthu ake, Makololo, anafika ku Zambezi nalamulira Alozi kufikira mu 1864. Ufumu wao unatha, koma cinenero cao cinatsala.

Cinenero cimeneco ndico cinakoka mmishoni François Coillard, amene anagwira nchito zaka zambiri ku Leribe m'dziko la Lesotho. Iye anafika ku Zambezi koyamba mu 1878, napeza anthu akumva Sesotho. Mu 1885 anakhazikika ku Sesheke pamodzi ndi alaliki a Basotho, ndipo mu 1887 sukulu inatsegulidwa ku Sefula. Mpingo umene anabzala unadzalowa mu United Church of Zambia mu 1965.

M'zaka za nkhondo yomasula maiko a kumwera, mbadwa za Moshoeshoe zinasunga mwambo wolandira othawa, ndipo zinalipira. Pa 9 Disembala 1982 asilikali a boma la tsankho la South Africa analowa mu Maseru usiku napha anthu 42, othawa kwao ndi Basotho omwe. Mu Januwale 1986 boma lomwelo linapanikiza malire kotero kuti cakudya ndi mafuta zinasowa, boma la Leabua Jonathan linagwetsedwa ndi asilikali, ndipo othawa a cipani ca ANC anatumizidwa pa ndeke ku Lusaka. Ife amene tikumbukira kutsekedwa kwa malire a Rhodesia mu 1973 tikudziwa ululu wa dziko lopanda doko pamene mnansi wagwira cipata. Ndi ululu umenewo umene unasonkhanitsa maiko asanu ndi anai, Lesotho ali pomwepo, ku Lusaka pa 1 Epulo 1980 kudzakhazikitsa bungwe la SADCC.

Yankho la funso limene ndinapita nalo ndinalipeza potsika, poona minda ya mapira m'tsinde mwa phiri. Thanthwe linapatsa Basotho nthawi, ndipo mfumu yao inadziwa cocita nayo nthawiyo: kudyetsa anjala kufikira asanduke mtundu umodzi, kusiyira mdani wogonja njira yopitira kwao, ndi kuzindikira tsiku limene kutaya gawo la minda kuli bwino kuposa kutaya anthu. Pali Basotho amene kufikira lero amadandaula za minda ya kutsidya kwa Mohokare, ndipo dandaulo lao nlomveka. Koma dziko liripo, ndi mfumu yake, cinenero cake ndi mbendera yake.

Owerenga amene angapeze mwai wopita ku Lesotho asalephere kupatula theka la tsiku kuti akakwere Thaba Bosiu. Mabasi ang'ono-ang'ono ocokera ku Maseru amafika m'tsinde mwake, ndipo ndalama za South Africa zimalandiridwa mofanana ndi maloti a dzikolo. Mubvale nsapato zolimba, munyamule cobvala ca mphepo, ndipo mutenge munthu wokuperekezani, pakuti popanda wofotokoza mudzangoona miyala ndi udzu. Mukafika pothera pa mpata wa Khubelu, musaiwale kuika mwala wanu pa mulu uja musanalowe m'mudzi wa mfumu.